Ng'ala ndi mulu wa zinyalala m'fiyeta

Kuchotsa ng'ala ndi imodzi mwa maopaleshoni amene amachitika kwambiri padziko lonse, ndipo sikutenga nthawi. Dokotala amachotsa kagalasi ka m'diso komwe kachita chifunga n'kuikapo kena kochita kupanga. Gogo amene dzulo ankachita kumugwira dzanja, mawa lake akuyenda yekha. Ubwino umenewu palibe angautsutse. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zotsala m'fiyeta wodwalayo akatuluka.

Mu 2013 ofufuza a ku Cardiff, m'dziko la Wales, anapeza kuti opaleshoni ya diso limodzi imabweretsa mpweya wotenthetsa dziko wokwana makilogalamu pafupifupi 180. Woposa theka unachokera ku katundu wogula monga zida, mankhwala, magolovesi, mikanjo ndi nsalu zofunditsa wodwala, zomwe zambiri zimagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa.

Ndiye pali zipatala za Aravind ku India, zomwe Dr. Govindappa Venkataswamy anayambitsa ku Madurai mu 1976. Kafukufuku wa mu 2017 anaonetsa kuti kumeneko opaleshoni yomweyi imabweretsa makilogalamu pafupifupi 6 okha, ndipo zinyalala zake ndi magalamu 250. Palibe matsenga. Mikanjo amachapa, zida zachitsulo amaziphera tizilombo n'kuzigwiritsanso ntchito, botolo limodzi la mankhwala limathandiza odwala angapo mpaka kutha. Dokotala amakhala pakati pa matebulo awiri. Akamamaliza diso ili, anamwino akonza kale linalo.

Wina afunsa, ndipo ali ndi chifukwa: nanga matenda opatsirana? Diso likalowa tizilombo likhoza kufa, ndipo palibe phindu loteteza chilengedwe munthu n'kuchita khungu. Koma a Aravind amalemba zotsatira za odwala awo miyandamiyanda, ndipo chiwerengero cha maso ogwidwa tizilombo sichiposa cha ku Ulaya kapena ku America.

Kuno kwathu, ku Nkhoma kapena ku Lions Sight First ku Blantyre, vuto lalikulu likadali la anthu amene ng'ala yawatseka maso koma sanafike kwa dokotala. Maopaleshoni ayenera kuchuluka. Mantha anga ndi oti pochuluka pamenepo tingayambe kuona kutaya zinthu ngati chizindikiro cha chitukuko. Inu ogula katundu wa zipatala ndi inu otithandiza ochokera kunja, musanatibweretsere makatoni a zida zotaya, yambani mwafunsa ngati tili ndi makina abwino ophera tizilombo komanso anthu ophunzitsidwa kuwagwiritsa ntchito.