Osathamangira crossover ya digital popanda woidziwa

Machalichi ndi eni zoimbira muno m'Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi amasonkha ndalama zambiri zogulira masipika, koma ocepa amaganizako za kabokosi kochedwa crossover. Nchito yake ndi kugawa mau asanafike ku ampulifaya: besi ipite ku masipika akuluakulu, mau okwera apite ku twita. Besi ikalowa mu twita, twita imapsa, ndipo zopereka za anthu zapita.

Ogulitsa amatiuza kuti ya digital, monga dbx DriveRack kapena Behringer DCX2496, iposa ya analog. Pa bwalo lalikulu sitingakane. Taganizani za khamu la ku Mkaika pa Kulamba, pomwe Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kwa Kalonga Gawa Undi mu August. Mau amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Mukaika sipika yaciwiri pa mamita 34 kucokera ku nsanja, anthu akumbuyo amamva liwu limodzi kawiri, coyamba ku sipika yapafupi, kenaka ku yakutali. Ya digital imacedwetsa sipika yapafupiyo ndi mamilisekondi 100, mau n'kugwirizana. Ilinso ndi limiter yoteteza masipika, ndipo mutha kuikhoma ndi pasiwedi kuti anyamata a kwaya asamaipotokole. Ici cokha akulu a mpingo angaombere m'manja.

Koma calichi ca anthu 200 ku Vubwi cilibe sipika ya pa mamita 34. Cili ndi jenereta. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri, ndipo tinaphunzira kuti magetsi a jenereta amakwera ndi kutsika. Ya analog ikawonongeka, wokonza mawailesi pa msika atha kuitsegula ndi kusintha kacipangizo kamene kapsa. Ya digital ikafa, nthawi zambiri njira ndi ya ku Lusaka, makilomita pafupifupi 500 kucokera ku Katete, ndipo Sande siidikira.

Ya digital yochedwa molakwika imaochanso twita monga ina iliyonse, ndipo manambala ake abisika mkati mwa menyu. Pa ya analog, aliyense aona pomwe kapotokoleroko kaloza.

Conco ife tikuti: obwereketsa zoimbira pa misonkhano yapanja agule ya digital, ndipo wogulitsayo aphunzitse anthu awiri asanalandire ndalama. Makomiti a machalichi ang'onoang'ono agule ya analog, zotsalazo agulire stabilizer ndi nthambo zabwino.