Madzi m'Chipinda Chochirira: Kalata ya Abusa kwa Akhristu ndi Atsogoleri a Dziko



Ife abusa anu timadalitsa makanda, timaikanso maliro. Chatikhazika pansi kuti tilembe n'chakuti ziwirizi zikumagwa pakhomo limodzi, m'sabata imodzi. Khanda lili m'manja mwa agogo ake, mayi ali m'bokosi.

Mmodzi wa ife anachezera usiku pachipatala china chaching'ono chakumudzi, kumene anakapempherera wodwala. Pakati pausiku anaona mayi wachikulire akutuluka m'chipinda chochirira, ndowa kumanja, foni yowunikira ataluma pakamwa. Mpopi wa pachipatalapo unauma kalekale, mjigo uli kuseri kwa sukulu. Mayiyo anapita katatu mumdimawo. Madzi omwewo namwino asambe m'manja, omwewo atsukire lumo, omwewo akolopere magazi pansi. Mpongozi wawo anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Patatha masiku anayi thupi la mpongoziyo linatentha, m'mimba munayamba kupota, ndipo pofika kuchipatala chachikulu zinali zitathina kale. Anthu pamaliro ankanong'onezana za ufiti. Ife tikuti chinamupha ndi mpopi wouma uja.

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira. Mu 2007 boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi m'midzi, mafumu ena n'kuika chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira kunyumba. Ifenso tinalalikira zomwezo paguwa. Amayi anamvera: kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti 9 mwa amayi 10 ankachirira kuchipatala. Amanyamula beseni, zitenje, pepala la pulasitiki, lezala, nthawi zina ndi kandulo yemwe. Kodi anyamulenso chitsime? Munthu amene tamuitana tokha sitingamulandire ndi manja osasamba.

Sitinaiwale kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022, n'kufika m'maboma onse, n'kupha anthu oposa 1,700. Sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, kenaka namondwe wa Freddy anakokolola zimbudzi ndi kukwirira zitsime kummwera. Nthawi imeneyo kolorini ankafika pakhomo, ndowa zosambira m'manja zinali pakhomo la tchalitchi chilichonse. Mliri utazizira, ndowazo zinakalowa kukhitchini.

Kwa inu a boma ndi aphungu athu: ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Lonjezo ndi ngongole. Tikupempha kuti pasatsegulidwenso chipatala cha amayi chopanda madzi oyenda m'mipopi, ndipo ndalama zokonzera pampu zizikhalapo chaka ndi chaka. Mjigo wokumba nthawi ya kampeni n'kufa mvula isanagwe kawiri sitikuuwerengera.

Chala chimenechi chikulozanso ife. Zipatala za mipingo zimene zili pansi pa CHAM zimathandiza anthu ambiri akumidzi, ndipo zina mwa izo matanki ake ndi ouma. Tikonze kwathu tisanadzudzule anzathu. Alipo alaliki amene amaletsa wapakati kupita kusikelo, amati pemphero likwanira. Abale, Mulungu amene anakomera mtima azamba Sifra ndi Puwa ku Ejipito sadana ndi namwino. Aliponso mwa ife amene amatseka maso mtsikana wa zaka 15 akamakwatiwa, chikhalirecho malamulo adziko kuyambira 2017 amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Chiuno cha mwana sichinakhwime. Pitani ku Bwaila ku Lilongwe mukaone atsikana odwala fistula, mkodzo ukungodontha usana ndi usiku, mwamuna atathawa.

Abambo, perekezani akazi anu kusikelo. Kambiranani m'nyumba za kupumitsa mayi asanatenge pathupi pena, ndipo mwezi wake ukayandikira musamusenzetse ndowa.

Kalatayi iwerengedwe Lamulungu likudzali m'mipingo yathu yonse. Akulu ampingo ndi amvano akayendere mjigo uliwonse ndi chipatala chimene chili pafupi, akakhale pansi ndi mfumu, komiti ya mjigo ndi mlangizi wa zaumoyo, atibweretsere mndandanda wa mijigo ndi mipopi yakufa mwezi uno usanathe. Chopereka cha tsikulo chigulire zipangizo za mjigo woyandikana ndi chipatala.

Ndife abusa anu, akapolo anzanu mwa Khristu.