Wotentha nyumba yathu asatipatse kaloba

Mu September 2024, ku wailesi yathu ya m'dera tinali kudalira jenereta, ndipo dizilo ikatha pulogalamu inali kuthera pomwepo. Malaiti anali kubwera maola atatu patsiku, kawirikawiri pakati pa usiku. Anyamata ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo m'komboni anali kugona masana kuti adzuke malaiti akabwera. Madzulo ena, pa pulogalamu ya mafoni, tinatchula kuti nthumwi za dziko lathu zikukonzekera ulendo wa ku Baku, ku msonkhano wa maiko onse wokambirana za kusintha kwa nyengo. Mnyamata wina anatuma foni nati: "Ba wailesi, izo ni za apamwamba. Ise tifuna malaiti na unga."

Tinamumvetsa m'bale wathuyo, koma sitigwirizana naye. Malaiti ndi unga ndiye nkhani yeniyeni ya misonkhano imeneyo, ndipo tikaisiyira apamwamba okha, adzabwera nayo kunyumba itasanduka nkhongole yoti ife tilipire.

Tikumbukire mmene chaka chimenecho chinayambira. Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pokhala tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinaumira m'munda. Madzi atachepa ku Kariba, makina opanga malaiti anatsala pang'ono kuimiratu, pakuti malaiti ambiri a Zambia amachokera ku madzi. Mvula ikakana, m'mimba ndi m'nyumba mumada pamodzi.

Ena adzati chilala chimenecho chinabwera ndi El Niño, amene wakhala akubwera kuyambira kale. N'zoona. Koma masiku ano El Niño akupeza dziko litatentha kale, nthaka ikuuma msanga, ndipo akatswiri a zanyengo akuchenjeza kuti kum'mwera kwa Africa kuno kudzapitiriza kutentha ndi kuuma. Amene tili ndi zaka za m'ma 30 taona mdima wa 2015, wa 2019 ndi wa 2024. Taonanso abale athu a ku Malawi akufukula mitembo m'matope namondwe Freddy atadutsa mu March 2023.

Nanga anayatsa motowu ndani? Africa yense, ndi anthu ake opitirira 1 biliyoni, amatulutsa utsi wotenthetsa dziko wosakwana magawo 4 pa 100 alionse. Maiko a ku Ulaya ndi America analemera potentha malasha a pansi, mafuta ndi gasi kwa zaka zoposa 150. Iwo eni anavomera mlanduwu mu 1992 ku Rio de Janeiro, pamene anasaina pangano lonena kuti maiko olemera ndiwo ayenera kutsogolera ndi kuthandiza osauka. Choncho nthumwi zathu zikamakamba za ndalama, sizikupempha chifundo. Zikukumbutsa mlandu, ndipo mlandu suwola.

Onani mmene mlanduwo walipiridwira. Mu 2009 ku Copenhagen, maiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni chaka chilichonse pofika 2020. Chaka cha 2020 chinadutsa ndalama zisanakwane. Bungwe lawo lomwe la OECD linati zinakwana mu 2022, koma zoposa theka la ndalama zimene maboma awo anapereka zinali nkhongole. M'komboni timadziwa dzina la zimenezi. Munthu watentha nyumba yako, wabwera ndi nkhope yachisoni, wakupatsa ndalama yogulira malata, kenako akuti ubweze ndi chiwongoladzanja. Imeneyo ndi kaloba.

Kwa Zambia nkhani ya kaloba si yoseketsa. Mu November 2020 dziko lathu linalephera kulipira nkhongole zake zakunja, ndipo zinatenga mpaka June 2023 kuti maboma amene anatikongoza avomere kukonzanso nthawi yobwezera madola 6.3 biliyoni. Kwacha iliyonse yopita kukabweza nkhongole ndi kwacha imene sinakumbe damu ku Southern Province kapena ngalande ku Kanyama. Dziko lotere mukaliwonjezera nkhongole ina m'dzina la nyengo, mwaliika mwala wina pamutu n'kumati mwalithandiza.

Mu 2022 ku Sharm el-Sheikh, maiko osauka anapambana nkhondo imene anamenya kwa zaka pafupifupi 30: kunakhazikitsidwa thumba lolipira zimene nyengo yawononga kale. Tinganyadire kuti amene anali kutsogolera gulu la nthumwi za Africa nthawi imeneyo anali m'Zambia, a Ephraim Shitima. Koma chaka chotsatira ku Dubai, malonjezo onse a m'thumbalo anangofika madola pafupifupi 700 miliyoni. Mu April 2024, boma lathu linati likufuna K23.5 biliyoni, madola oposa 900 miliyoni, kuti lithane ndi chilala chimodzi chokha. Thumba la maiko onse osauka linachepa kwa dziko limodzi m'chaka chimodzi.

Ku Baku nako, maiko osauka anafika ndi chiwerengero cha madola 1.3 thililiyoni pachaka. Anabwerako ndi lonjezo la 300 biliyoni pofika 2035, ndipo mkati mwake muli nkhongole ndi ndalama za makampani ofuna phindu. Patangopita miyezi iwiri, America inalengeza kuti ikutulukanso m'pangano la ku Paris.

Ndiye tikufuna chiyani? Choyamba, ndalama zothandiza anthu kupirira nyengo yosinthayi zibwere ngati malipiro osabweza. Kampani ingaike ndalama zake m'munda wa ma solar chifukwa idzagulitsa malaiti, ndipo zimenezo tikuzilandira. Koma palibe kampani imene idzapeza phindu pokumba ngalande ku Kanyama, kumene madzi osefukira amalowa m'zimbudzi ndi m'zitsime. Tinaona zotsatira zake kumayambiriro kwa 2024, pamene National Heroes Stadium inasanduka chipatala cha kolera ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Ngalande, madamu aang'ono, mbewu zopirira chilala, uthenga wa zanyengo wofika kwa mlimi m'chilankhulo chake: zonsezi zimapulumutsa moyo, koma sizibweza chiwongoladzanja.

Chachiwiri, nkhani ya nkhongole zakale ikambidwe pa tebulo limodzi ndi nkhani ya nyengo. Chilala kapena kusefukira kwa madzi kukagwera dziko, kulipira kuime mpaka anthu atadya.

Chachitatu, asatiphunzitse za mitengo tili mumdima. Timamva kawirikawiri kuti anthu a ku Zambia akutha nkhalango ndi malasha, ndipo n'zoona kuti nkhalango zikutha. Koma mayi wa ku Chawama amene amayatsa mbaula sachita zimenezo chifukwa chodana ndi mitengo. Sitovu yake ilibe moto, gasi ndi wodula, ana akudikira nsima. Amene akufuna kuti mitengo yathu ikhale, athandize kuti pakhale malaiti otsika mtengo osadalira Kariba yekha. Kopa wa ku Copperbelt ndi ku North-Western akupita kukapanga mawaya ndi magalimoto a magetsi a maiko ena. N'chifukwa chiyani mwana wa ku Chingola aziwerenga ndi kandulo?

Tili ndi mawu kwa a kunyumba kuno nawonso. Sitingadandaule za malonjezo a ku Ulaya okha pamene ife eni timalola anthu kumanga pa njira za madzi ndi kutaya zinyalala m'ngalande. Nthumwi zimene zimapita ku misonkhano imeneyi zimayenda m'dzina lathu. Zisananyamuke, zibwere pa mawailesi a m'madera, zinene m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga ndi m'Chilozi zimene zikukafunsa. Zikabwerako, zinene zimene zasaina, ndipo pa ndalama iliyonse yolowa zitiuze ngati ndi malipiro kapena ndi nkhongole, ndi boma liti limene yapitako. Dziko limene limaonetsa poyera kumene ndalama yapita limakhala ndi mawu amphamvu pokafunsa ina.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene akumva m'mimba ndi ife: ometa opanda malaiti, ogulitsa pa kantemba amene zakumwa zawo zinatentha m'firiji, ana a alimi amene tinatumiza unga kumudzi m'malo moti kumudzi kutitumizire. Nkhongole zimene zikusainidwa lero zidzabwezedwa ndi misonkho yathu tikadzafika zaka 50.

Choncho kwa m'bale wathu amene anatuma foni usiku uja, tikuti tumaninso. Phungu wa dera lanu akabwera pa wailesi, kapena nduna ikamanyadira mamiliyoni a zanyengo amene dziko lalandira, mufunseni funso limodzi, ndipo musadule foni asanayankhe: "Ndalama iyi, tizabweza olo sitizabweza?"