Kachombo ka Matabwa Patebulo Lathu

Alamu anga omwe amagwira ntchito ku Cape Town atabwera kudzaona makolo chaka chatha, anandisiyira bokosi lalitali lojambulidwa chombo cha matanga pamwamba pake. Anati, "Alamu, ine izi zandikanika. Inu mumakonda zogwiragwira, kayeseni." Nditatsegula ndinapezamo mitolo ya timatabwa topyapyala ngati mabango ong'aluza, mapulayiwudi odulidwa kale ndi makina, ulusi wakuda ndi wotuwa, kansalu, tizitsulo tating'ono kuposa njere ya mpunga, ndi mapepala akuluakulu a mapulani. Ndinathokoza, n'kuliponya pamwamba pa wadiropu, ndipo linakhala pamenepo miyezi isanu.

Chimene chinalitsitsa ndi nkhani yochititsa manyazi pang'ono. Ine ndi amene ndimakhala pakhomo ndi makina oyezera BP tikakhala ndi tsiku la zaumoyo, n'kumauza anthu kuti achepetse mchere ndiponso azigona mokwanira. Tsiku lina mnzanga anati nane ndipereke mkono. Manambala anadutsa 140/90, ndipo kuchipatala atandiyeza kangapo anatsimikiza n'kundiyambitsa mankhwala. Amene anandiona anafunsa mmene ndimathera madzulo anga. Yankho loona linali lakuti ndikadya nsima ndimakhala pafoni mpaka pakati pa usiku, kuwerenga za kukwera kwa mitengo ya zinthu, kuwerengetsera fizi ya ana, ndi kuyankha mauthenga a m'magulu a WhatsApp. Thupi limakhala pampando koma mutu uli pa liwiro. Ndinafunika chinthu chogwira ndi manja chimene chingandilanditse foni ija, ndipo ndinakumbukira bokosi la alamu.

Kupanga tizombo ta matabwa ndi ntchito yapamtima ya anthu ambiri ku Ulaya ndi ku America, makamaka akuluakulu. Makampani monga Billing Boats ya ku Denmark, Amati ya ku Italy, Artesania Latina ya ku Spain ndi Model Shipways ya ku America amagulitsa mabokosi okhala ndi zonse zofunika, ndipo kachombo kalikonse kamatengera chombo chenicheni pa sikelo yake. Kathu ndi ka sikelo ya 1:64, kutanthauza kuti sentimita imodzi patebulo ikuimira masentimita 64 pa chombo chenicheni. Musaganize kuti ndi zidole zongolowetsanalowetsana. Zimene amakudulirani ndi mafupa okha. Zotsalazo muyenera kuyeza, kusema, kupinda ndi kupala nokha.

Chombo chathu dzina lake ndi Bluenose. Chinalowa m'madzi pa 26 March 1921 m'tauni ya asodzi ya Lunenburg, m'chigawo cha Nova Scotia ku Canada. Anachijambula ndi William Roué ndipo woyendetsa wake anali Angus Walters. Chinali chombo cha usodzi, chotalika pafupifupi mamita 44, chomwe chinkapita kutali m'nyanja ya Atlantic kukagwira nsomba za cod n'kuzithira mchere. Pamwamba pake pankasanjikidwa timaboti, ndipo akafika pamalo a nsomba asodzi ankatsikira m'timabotimo awiriawiri kukatchera zingwe za mbedza m'madzi ozizira kwambiri. Nyengo ya usodzi ikatha, chinkapikisana liwiro ndi zombo za asodzi a ku Gloucester ku America, ndipo chikho cha mpikisano wa asodzi a mayiko awiriwo sichinachoke m'manja mwake kuyambira 1921 mpaka mpikisano womaliza mu 1938. Chithunzi chake chakhala pa ndalama yachitsulo ya masenti 10 ya ku Canada kuyambira 1937. Zombo za injini zitalanda malo, chinagulitsidwa mu 1942 kuti chizinyamula katundu ku zilumba za Caribbean, ndipo chinasweka pamiyala kufupi ndi Haiti mu January 1946. Pa sikelo yathu, mamita 44 aja amatsika kufika pafupifupi masentimita 68, osawerengera mtengo wotulukira kutsogolo.

Ntchito imayamba ndi thabwa limodzi lalitali lomwe ndi msana wa chombo. Pamsanapo mumalowetsa nthiti za pulayiwudi zoposa khumi, iliyonse pampata wake, ndipo iliyonse iyenera kuima chilili osapendekera. Kenako pamabwera gawo lotopetsa. Makina amadula nthitizo m'mbali mwake muli chimodzimodzi, koma thupi la chombo limapindika kutsogolo ndi kumbuyo, choncho muyenera kupala m'mphepete mwa nthiti iliyonse ndi sandipepa mpaka kathabwa kopyapyala kakagonekedwa pa nthiti zitatu kapena zinayi kazikhudza paliponse popanda mpata. Mukatero mumayamba kuvala thupilo ndi timatabwa, kamodzikamodzi. Kalikonse mumakaviika m'madzi otentha, kukapinda pang'onopang'ono, kukasongola kumapeto chifukwa kumutu kwa chombo malo ndi ochepa kuposa pamimba, kukapana ndi mapini kapena mapegi a zovala kuti kaume kali kopindika, ndipo mukatero m'pamene mumamata ndi guluu woyera wa akalipentala.

Ine ndinachita ngati mmene ndimachitira ndi zinthu zambiri. Kupala nthiti ndinakuthamangira madzulo amodzi okha, chifukwa ndinkati zimenezi zikabisika mkati palibe adzazione. Timatabwa ndinkamata tili tonyowa, ndipo ndinavala mbali imodzi yokha mpaka pakati ndisanakhudze inayo, ngakhale mapepala ankanena kuti ndizisinthanasinthana. Thabwa lonyowa likamauma limafupika ndipo limakoka. Timatabwa khumi ndi tiwiri tokokera mbali imodzi tinapinda msana uja.

Amene anaona ndi mwana wanga wamwamuna wa Folomu 3. Ndinene zoona, ine ndi iye tinali titafika poti mawu athu anali a fizi, malipoti a kusukulu ndi "watseka geti?" basi. Tsiku limenelo anaima pakhomo la pabalaza, anawerama n'kuyang'ana chombocho kuchokera kutsogolo ndi diso limodzi, nati, "Ababa, chapindika ngati nthochi." Ndinamuyankha mokalipa kuti zimenezo ziwongoka ndikamata mbali inayo. Anangoti, "Chabwino," n'kulowa kuchipinda. Usiku umenewo ndinayeza ndi ulusi kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo mwanayo ankanena zoona. Nditadutsitsa chala pathupi la chombo ndinamvanso timapiri ndi timaenje pa nthiti iliyonse imene sindinaipale bwino.

Panali njira ziwiri: kubwezera bokosi pa wadiropu monga anachitira alamu, kapena kumatula ntchito ya masabata atatu. M'mawa ndinamuuza mwana uja kuti, "Unkanena zoona, iwe. Bwera madzulo undithandize kumatula." Guluu woyera amafewa mukamunyowetsa ndi madzi otentha kapena sipiriti, choncho tinachotsa timatabwa tija kamodzikamodzi, tina tinathyoka, tambiri tinapulumuka. Tinapana msana pakati pa matabwa awiri owongoka okhomeredwa pathabwa lalikulu, ndipo tinatha sabata yathunthu tikungopala nthiti. Iye ali ndi maso akuthwa kuposa anga, ine ndili ndi dzanja lokhazikika kuposa lake. Kuyambira pamenepo tinagwirizana lamulo: timatabwa tiwiri patsiku, kamodzi kumanja kamodzi kumanzere, ndipo kamene tapinda lero timata mawa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pantchito iyi palibe njira ina.

Anthu awiri akayang'ana pa chinthu chimodzi, osayang'anana kumaso, nkhani zimatuluka zokha. Tikupala matabwa ndi pamene ndinamva za mphunzitsi amene amamuopa, za mnzake amene anayamba kusuta, ndiponso zoti iye amafuna kudzaphunzira zomangamanga osati zaudokotala zimene ine ndinkamukakamiza. Ndi iyenso amene anandikumbutsa kuti Ilala ya panyanja yathu inabwera ngati bokosi lathuli: inapangidwa ku Scotland mu 1949, inafika ili zidutswazidutswa n'kulumikizidwa kuno, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Mlongo wake wamng'ono anatenga udindo wosunga tizitsulo m'thireyi ya mazira, ndipo amayi awo, omwe poyamba ankadandaula za fumbi patebulo lodyera, ndi amene asoka matanga, chifukwa palibe wina m'nyumba muno angapinde mpendero wa mamilimita awiri.

Panopa tili pa zingwe. Bluenose ili ndi milongoti iwiri, ndipo zingwe zake ndi za mitundu iwiri. Zakuda ndi zogwira milongoti kuti isagwe, ndipo pa zombo zakale zinkada chifukwa cha phula lozitchinjiriza kumadzi. Zotuwa ndi zokweza ndi kutsitsa matanga. Ulusi uliwonse timaudutsitsa kaye pa phula la njuchi kuti ubweya wake ugone. Pa zingwe zakudazo pamadutsa timakwerero ta ulusi tomwe asodzi ankakwerera kumwamba, ndipo pamphambano iliyonse pamafunika kamfundo kake, mazanamazana ake. Ntchito imeneyi simungaigwire mutu uli kwina. Mukayamba kuganiza za ngongole, mfundo imakhala pamalo olakwika.

Monga wa zaumoyo, sindingasiye kunena za ngozi zake, chifukwa zilipo. Mpeni wobuntha ndi umene umacheka anthu, poti umafuna mphamvu ndipo umaterereka. Gwiritsani ntchito wakuthwa, dulani pathabwa, mpeni uziloza kutali ndi zala, ndipo dutsitsani kangapo mopepuka m'malo mokanikiza kamodzi. Supagulu amamata khungu m'kanthawi kochepa ndipo fungo lake limawawa m'maso ndi m'mphuno. Akamata zala musakoke, ziviikeni m'madzi ofunda a sopo n'kumazipotokola pang'onopang'ono. Musamupukute ndi thonje, chifukwa akakumana ndi thonje amatentha mpaka kuwotcha. Akalowa m'diso, tsukani ndi madzi ambiri, musalitsegule mokakamiza, ndipo pitani kuchipatala. Kupala ndi kupenta kuzichitikira pakhonde kapena pafupi ndi zenera lotsegula, makamaka ngati m'nyumba muli wa mphumu. Penti ndi thina siziyenera kuyandikira kandulo kapena mbaula, choncho magetsi akazima ife timayatsa nyali ya sola kapena kungosiya. Tizitsulo ndi mapini zitalikire ana aang'ono omwe amaika chilichonse m'kamwa. Pakatha mphindi 20 zilizonse dzutsani maso muyang'ane kutali kwa masekondi 20, ndipo imirirani muwongole msana ndi khosi. Amene tadutsa zaka 40 tisachite manyazi ndi magalasi owerengera.

Chenjezo lina ndi la nthawi. Chinthu chokoma chimatha kuba tulo monga mmene foni inkachitira. Ife tinaika malire a ola limodzi tikatha kudya, homuweki ya mwana itatha, ndipo Lachisanu dzuwa lisanalowe timavundikira chombo ndi nsalu n'kuchiika pashelefu.

Mwina mukufuna kudziwa za BP ija. Yatsika, koma sindinganene kuti yatsitsidwa ndi chombo. Ndikumwa mankhwala tsiku lililonse, ndinachepetsa mchere, ndimayenda m'mawa, ndipo ndimapitabe kukayezetsa. Musasiye mankhwala chifukwa mwapeza chosangalatsa. Chimene ndingachitire umboni n'chakuti foni tsopano imagona pakabati kuyambira nthawi ya chakudya chamadzulo, ndimagona msanga, ndipo ndimadzuka wopanda mutu wolemera uja.

Mabokosi amenewa ndi odula ndipo kuwapeza kuno n'kovuta. Ngati muli ndi m'bale kunja amene angakutumizireni, muuzeni asagule chombo chachikulu cha nkhondo ngati HMS Victory, cha milongoti itatu ndi mizinga yoposa 100, chifukwa zoterezi n'zimene zimathera pa wadiropu. Kaboti kakang'ono ka mlongoti umodzi, kapena kopanda mlongoti, n'koyenera woyamba. Koma bokosi si lofunika kwenikweni. Zidutswa za pulayiwudi ndi paini zimangotayidwa kwa akalipentala, nsungwi zimang'aluka bwino n'kupindika mosavuta, ndipo ulusi, sandipepa ndi guluu woyera zili m'mashopu a hadiweya ndi kwa atelala. Amene mumakhala kufupi ndi nyanja, pitani pagombe pamene amisiri amakhoma maboti a matabwa, pemphani kuyeza utali ndi mulifupi mwake, gawani ndi 20, ndipo muli ndi pulani yanu. Mwana amene amadziwa kupinda galimoto ya waya ali kale ndi theka la luso lofunika.

Kachombo kathu katitengera miyezi isanu ndi itatu ndipo sikanathe. Kumbali ya kumanzere, pansi pa penti wakuda, pali chigamba pamene timatabwa tothyoka tija tinalumikizidwa, ndipo mlendo aliyense akabwera mwana wanga amayamba ndi kumuonetsa pamenepo. Alamu anaimba foni sabata yatha kufunsa ngati bokosi lija lilipobe. Tawatumizira chithunzi, ndipo akuti akabwera pa tchuthi tiwasungire timakwerero ta mlongoti wakumbuyo kuti adzamange okha.