ODIKIRA CUMA CA KU CHINA ADZAGONA NDI NJALA

Pali bodza limene lafalikira pamsika wa Katete, m'magolosale a pa Sinda ndi m'mabwalo a mowa ku Vubwi. Anthu ena, amene manja ao sadziwa mpini wa khasu, ali kunamiza anyamata kuti ulimi ndi nchito ya anthu otsalira. Akuti dziko la China liri ndi ndalama zosatha, lidzagula mkuwa wa Zambia mpaka muyaya, lidzakongoza Boma nthawi iriyonse, kotero munthu wocenjera angokhala m'mbali mwa mseu wa Great East kudikira gawo lake. Bodza limeneli liyenera kutsutsidwa poyera lisanaphe minda.

Palibe angakane kuti China ndi bwenzi lakale la Zambia. Pamene atsamunda a ku Rhodesia anali kuopseza njira ya kum'mwera, ndipo maiko a azungu anakana kuthandiza, China ndiye anamanga njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, pakati pa 1970 ndi 1975. Palibenso angakane kuti dzikolo lalemera modabwitsa. Kuyambira 1978 cuma cake cinali kukula ndi magawo oposa 9 pa 100 alionse pa caka, kwa zaka pafupifupi 40. Anthu okwana ngati mamiliyoni 800 anaturuka mu umphawi wadzaoneni, ndipo mu 2010 China anapitirira Japan nakhala waciwiri pa cuma padziko lonse.

Koma onamizawo safotokoza kumene cumaco cinayambira. Cinayambira m'munda. Kumapeto kwa 1978, alimi 18 a m'mudzi wosauka wa Xiaogang, m'cigawo ca Anhui, anapangana kuti banja lirilonse lilime gawo lake, lipereke ku Boma muyeso woikika, ndipo zotsala zikhale zake. Mu 1979 Boma la China linakweza mtengo wogulira mbeu kwa alimi ndi magawo 20 pa 100. Zokolola za dzinthu, zimene zinali matani mamiliyoni 305 mu 1978, zinafika mamiliyoni 407 mu 1984. Ndalama zimene alimi anasunga ndizo zinathandiza kutsegula timafakitale ta m'midzi. Nyumba zosanjikizana za ku Shanghai zinadza pambuyo, nkhokwe zitadzala kale.

Safotokozanso kuti liwiro lija lacepa. Mu 2007 cuma ca China cinakula ndi magawo 14 pa 100. Mu 2022 cinakula ndi 3 cabe, mu 2023 ndi 5.2, ndipo mu 2024 ndi 5. Zifukwa zake nzodziwika. Ciwerengero ca anthu cinayamba kutsika mu 2022, nthawi yoyamba kucokera mu 1961. Okalamba ali kucuruka, ogwira nchito ali kucepa. Nchito yomanga nyumba zogulitsa, imene inali kumeza zitsulo ndi mkuwa wambirimbiri, inalowa m'mabvuto: kampani yaikuru ya Evergrande inalephera kubweza nkhongole zake mu 2021, ndipo mu January 2024 khoti la ku Hong Kong linalamula kuti ithetsedwe. M'caka comweco bungwe la IMF linanena kuti pofika 2028 kukula kwa cuma ca China kudzatsikira pafupi ndi magawo 3.5. China sali kugwa ai, ndipo onena kuti wagwa nawonso anama. Koma dziko limene liri ndi okalamba ake owasamala liwerenga ndalama zake kawiri lisanakongoze mnzake.

Apa onamizawo amathamangira ku mkuwa. Amati China agula mkuwa woposa theka la wonse woyengedwa padziko, ndipo mu May 2024 mtengo unapitirira madola 11,000 pa tani. Nzoona. Koma akuluakulu a m'midzi akumbukira 1975, pamene mtengo wa mkuwa unagwa ngati mtengo wodyedwa ndi ciswe. Akumbukira mizere ya sopo, mcere ndi mafuta ophikira ya zaka zotsatira. Kufikira lero mkuwa ubweretsa pafupifupi magawo 70 pa 100 a ndalama zimene Zambia apeza pogulitsa katundu kunja. Dziko lotsamira pa katundu mmodzi ndi wogula wamkuru mmodzi liri ngati nkhokwe ya mwendo umodzi. Cakudza siciimba ng'oma.

Nanga nkhongole? Mu November 2020 Zambia analephera kulipira ciongoladzanja ca madola mamiliyoni 42.5, ndipo dzina lake linadetsedwa pamaso pa okongoza. Panapita zaka ziwiri ndi theka za zokambirana kufikira June 2023, pamene maiko okongoza anabvomera kutalikitsa nthawi yobwezera madola mabiliyoni 6.3, ndipo oposa mabiliyoni 4 mwa amenewa anali a China. Bwenzi linaleza mtima, koma silinaiwale. Wobweza ndani? Ndi mai wogulitsa nshawa pa Sinda ndi mnyamata wa njinga pa Katete, kudzera m'misonkho ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu.

Tsono cimene mlimi wa Kum'mawa ayenera kuyang'ana ku China ndi msika wa cakudya. Dziko limenelo ligula soya wokwana matani pafupifupi mamiliyoni 100 caka ndi caka kucokera kunja, makamaka ku Brazil. Kuyambira pa 1 December 2024 linacotsa msonkho wa pamalire pa katundu wa maiko osauka amene ali nalo paubale, ndipo Zambia ali m'gulumo. Khomo latseguka, koma khomo lithandiza yekhayo wanyamula katundu, ndipo katunduyo akhale wocuruka, wouma bwino ndi wosankhidwa. Katete, Sinda ndi Vubwi ali ndi nthaka ya soya, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa. Cimene cisowa ndi dongosolo.

Mlimi wogulitsa yekha thumba limodzi m'mwezi wa May, kwa wogula woyendayenda wa sikelo yonyenga, adzakhala kapolo ngakhale mitengo ya kunja ikwere motani. Alimi ayenera kulowa m'makopaletivu enieni, osati a pa pepala amene amadzuka nthawi ya fetereza yokha. Asonkhanitse mbeu zao, azisunge, azigulitse pamodzi, ndipo agule makina ofinyira mafuta kuti phindu litsale m'mudzi. Cilala ca 2024, cimene cinapsereza cimanga m'maboma ambiri, cinaphunzitsa kuti madimba ndi madamu ang'onoang'ono ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Boma nalo liri ndi mbali yake, monga linacitira la China mu 1979: mtengo wabwino, kulipira msanga, ndi miseu yoti lole ifike ku Vubwi ngakhale m'dzinja. Mafumu ndi nyakwawa aonetsetse kuti anyamata ndi amai apatsidwa malo olima.

Makolo anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Mkuwa uli ku Migodi, nkhongole ziri ndi eni ake, koma munda uli kuseri kwa nyumba. Wonamiza akabweranso ndi nkhani zake za ndalama za ku China, afunsidwe pamaso pa anthu kuti caka cino walima maekala angati.