Chithunzi Chopanda Mwininkhani

Wojambula zithunzi za ukwati ku mafamu a ku Beatrice, kumwera kwa Harare, amadziwa kusankha: kapinga wotchetchedwa bwino, ng'ombe zonenepa, mtsinje wa Mupfure dzuwa litapendeka. Komboni amaisiya kunja. Ameneyu ndi katswiri wa msintho wochitidwa: munda unalimidwa, nyumba inamangidwa, koma wolima ndi womanga satchulidwa.

Kodi analima ndani? Ambiri anali a ku Nyasaland, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1930 ankatutidwa pa malole a Ulere. Zidzukulu zawo zinanyozedwa kuti ndi Mabhurandaya, anthu opanda mfunda. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kunachotsera ambiri ntchito ndi pogona. Lamulo la unzika la mu 2001 linawasandutsa alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, koma chiyankhulo chipindulanji eni ake akabisidwa kuseri kwa chigafa cha fodya?

Ena amati ukwati si bwalo la milandu. Komatu wopirikitsa mwana wa m'komboni kuti asadetse chithunzi wagamula kale mlandu. Kamera imene yapezera malo ng'ombe isasowe malo a mbusa wake.