Elvis kazitape: nthabwala yomwe idasiya fupa

Mu Malichi 2023 Netflix idatulutsa Agent Elvis, katuni wa akuluakulu okhaokha. Makolo musapusitsike poona zojambula, muli magazi ndi kutukwana. M'nkhaniyi Elvis Presley amati akatsika pa nsanja yoimbira, amakagwira ukazitape wa boma la America. Mawu ake ndi a Matthew McConaughey, ndipo mmodzi mwa eni ganizoli ndi Priscilla Presley, yemwe adali mkazi wake.

Ganizoli lili ndi phata. Mu Disembala 1970 Elvis weniweni adatulukira ku White House, nakumana ndi pulezidenti Richard Nixon, napempha baji ya apolisi olimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Adampatsa! Mu 1977 mkuluyu adamwalira ali ndi zaka 42, mapiritsi atamufooketsa thupi. Ngakhale chimpanzi cha m'katunimu, Scatter, adali nachodi pakhomo.

Chondiwawa ine n'chakuti olemba adathamangira zibakera ndi mfuti, nasiya munthu wodabwitsayu, wolemera ndi wotchuka koma wolirira baji ngati mwana. Nthabwala yeniyeni idali pamenepo. Katuniyu adathera pa magawo 10, Netflix sidapitirize.